Chifukwa chake novela amaidula pokoma

Aliyense amene anatsatirapo novela, sewero la pa kanema loyenda m'magawo, kuno ku Tete akuudziwa mkwiyo umene umabwera gawo likamatha. Mayi wangotsegula chitseko, waona mwana amene anamutaya zaka 20 zapitazo, pakamwa pangoti yasa, basi nyimbo yalira, mayina ayamba kukwera. Kaya ndi ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Moatize, mawu otuluka m'nyumba nthawi imeneyo ndi amodzi: "Aa, anthu awa adulanso pokoma!" Ambiri timangoti ndi nkhanza za eni kanema. Koma kudula pokomako ndi luso lakale ndithu, linakula pa pepala wailesi ndi kanema zisanabwere, ndipo munthu akamvetsa mmene linayambira amamvetsanso chifukwa chake nkhani zimene timaonera zimayenda mmene zimayenderamu.

Chinayambitsa ndi ndalama. Ku England m'zaka za m'ma 1830, buku latsopano la nkhani yaitali linkatuluka m'zigawo zitatu zikuluzikulu pamtengo wa mashiling'i 31 ndi theka, ndalama imene antchito ambiri sankaipeza pa mlungu wathunthu. Mu 1836 kampani ya Chapman and Hall ku London inayamba kutulutsa nkhani ya mnyamata wina wolemba, Charles Dickens, yotchedwa The Pickwick Papers, m'timabuku tating'ono, kamodzi pamwezi, pamtengo wa shiling'i imodzi. Sanali oyamba kuyesa njirayi, koma ndiwo anaonetsa dziko kuti muli phindu. Timabuku toyamba sitinayende malonda. Pa kabuku kachinayi Dickens analowetsamo wantchito wina wa pakamwa potsekemera, anthu anamukonda, ndipo pofika kumapeto mu 1837 kabuku kalikonse kankagulidwa pafupifupi 40,000. Nzeru yake ndi ija ya amayi ogulitsa mafuta ophikira pamsika: chigubu chathunthu ochigula ndi ochepa, koma akathira m'timapepala ta mametikali ochepa, mudzi wonse umagula, ndipo mawa umabweranso. Wosindikiza naye ankapepukidwa, pakuti ndalama za kabuku ka mwezi uno ndizo zinkalipira pepala ndi inki za mwezi wamawa.

Chaka chomwecho cha 1836, ku Paris, Émile de Girardin anayambitsa nyuzipepala ya La Presse, naika mtengo wake pa theka la mtengo wa anzake. Kuti asagwe, ankadalira otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amafuna pepala limene anthu ambiri akuligula tsiku ndi tsiku. Nkhani za boma zokha sizikanakwanitsa. Ndiye m'munsi mwa tsamba, pansi pa mzere, anayamba kuikamo chidutswa cha nkhani yopeka, chotha ndi lonjezo lakuti ipitirira mawa. Ena anatsatira. Nkhani ya Eugène Sue yonena za amphawi ndi zigawenga za mu Paris inayenda mu Journal des débats kuyambira 1842 mpaka 1843, ndipo Alexandre Dumas anatulutsa nkhani zake zotchuka mwanjira yomweyo kuyambira 1844. Mwambo umenewu unawolokera ku Portugal ndi ku Brazil, kumene ankautcha folhetim. Mu 1857 José de Alencar anatulutsa O Guarani pang'onopang'ono mu Diário do Rio de Janeiro. Ichi chikutikhudza ife mwachindunji, chifukwa novela ya ku Brazil imene timaonera m'Chipwitikizi ndi mdzukulu wa kachidutswa ka m'munsi mwa nyuzipepala kaja.

Pamene pali phata la nkhani ndi apa. Nkhani ikamatuluka m'magawo, wolemba amalemba owerenga akuwerenga. Buku wamba limafika kwa anthu litatha kale, zoti alikonda kapena ayi wolemba amazimva mochedwa. Wa magawo alibe mwayi wobisala chotero. Mu 1843 Dickens ataona kuti nkhani yake ya Martin Chuzzlewit sikugulidwa monga zinzake zakale, anangomunyamula mwini nkhaniyo pakatikati n'kumutumiza ku America kuti akoke anthu. Arthur Conan Doyle atatopa ndi katswiri wake wofufuza milandu, Sherlock Holmes, anamupha mu 1893 m'magazini ya Strand. Owerenga anakwiya kwambiri, ndipo mu 1903 anamudzutsa n'kufotokoza kuti sanafe. Choncho tikamaona munthu amene tinamulira maliro m'novela atulukiranso wamoyo pa gawo lina kutsogolo, si zachilendo za masiku ano. Ngozi yake iliponso: Dickens anamwalira mu 1870 atalemba magawo 6 okha mwa 12 a nkhani yake yomaliza, ndipo mpaka lero anthu amakangana za amene anapha munthu m'nkhanimo.

Kanema atabwera anatengera zomwezo, ndipo poyamba ankayendera limodzi ndi pepala. Mu 1912 kampani ya Edison ku America inkatulutsa gawo limodzi la What Happened to Mary mwezi uliwonse, nkhani yomweyo ikusindikizidwanso m'magazini ya amayi. Chaka chotsatira nyuzipepala ya Chicago Tribune inachita zofananazo ndi filimu ina. Wowerenga ankapita kukaonera, woonera ankagula pepala. Pang'ono ndi pang'ono anapeza kuti chobweza anthu ku holo mlungu wamawa ndi kusiya mwini filimu ali pakamwa pa imfa, galimoto ikugwera kuphedi kapena nyumba ikuyaka iye ali womangidwa m'katimo. Apa panalowanso chinyengo. Mlungu wotsatira ankaonetsa kuti munthuyo anadumpha galimoto isanagwe, chinthu chimene mlungu wathawo sanachionetse. Ana ankadziwa kuti apusitsidwa koma ankabwerabe. Mafilimu a mtundu umenewu anatha ku America mu 1956, wailesi yakanema italowa m'nyumba za anthu.

Wailesi ndiyo inasandutsa nkhani ya magawo kukhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. M'zaka za m'ma 1930 makampani a sopo ku America, monga Procter & Gamble, ankalipira masewero a mphindi 15 oulutsidwa masana, nthawi imene amayi anali pakhomo akuchapa ndi kuphika. Limodzi mwa masewero amenewa, Guiding Light, linayamba pa wailesi mu 1937, linasamukira pa kanema mu 1952, n'kudzatha mu 2009. Ku Cuba ndi ku Brazil anatenga njirayo koma anaisintha penapake pofunika: nkhani yawo inkakhala ndi mapeto. Sewero loyamba lotere pa Rádio Nacional ku Rio de Janeiro linayamba mu 1941, wolipira ali Colgate. Ichi ndicho chimasiyanitsa novela ya ku Brazil ndi masewero monga Generations ya ku Joni, imene inayamba mu 1994 ndipo sinapangidwe kuti idzathe. Mu novela mukudziwa kuti tsiku lina chinsinsi chidzaululika, woipa adzalandira zake, ukwati udzachitika. Mu zinazo ana amakula, amabereka, mavuto amangosintha eni. Palinso mtundu wachitatu umene gawo lililonse limakhala ndi mlandu wake wothera pomwepo, anthu ake okha ndiwo osasintha, moti mukhoza kuphonya magawo asanu osataya kanthu.

Novela ya pa kanema inayamba ku Brazil mu 1951 pa TV Tupi, ikuonetsedwa kawiri pa mlungu, ndipo ya tsiku ndi tsiku inayamba mu 1963 pa TV Excelsior. Mmene imapangidwira ndi pofunika kudekhapo, chifukwa zambiri zimene timadandaula nazo zimachokera pamenepa.

Novela yaikulu imakhala ndi magawo oposa 100, kawirikawiri kuyandikira 200, ikuonetsedwa Lolemba mpaka Loweruka kwa miyezi yambiri. Ikamayamba kuonetsedwa, magawo ojambulidwa kale amakhala ochepa chabe. Ena onse amalembedwa ndi kujambulidwa ikuyenda. Eni kanema amayang'ana chiwerengero cha oonera tsiku lililonse, amaitananso magulu a oonera kudzawafunsa amene akumukonda ndi amene akuwatopetsa. Munthu amene anayenera kuoneka pang'ono chabe akakondedwa, amamuwonjezera zochita. Banja limene anthu sakulilabadira amalitumiza paulendo. Ikamayenda bwino malonda amaitalikitsa, ndipo apa ndi pamene timaona mlungu wathunthu kalata ija ikungosinthana manja osatsegulidwa. Ikakanika amaidula, mapeto n'kubwera mothamanga, maukwati atatu tsiku limodzi.

Gawo lenilenilo lili ndi mamangidwe ake. Limayamba ndi kubwereza pamene linathera la dzulo. M'katimo mumayenda nkhani zingapo nthawi imodzi, ya olemera, ya osauka, ya achinyamata, ya oseketsa, kuti m'nyumba aliyense apeze yake, komanso kuti ochita sewero asagwire onse ntchito tsiku limodzi. Gawo limadulidwa malinga ndi nthawi ya otsatsa malonda, ndipo chidutswa chilichonse chimatha ndi kambedza kakang'ono kuti musasinthe tchanelo. Mbedza yaikulu amaisungira kumapeto, ndipo yaikulu koposa amaisungira Loweruka, chifukwa iyenera kukugwirani mpaka Lolemba. Anthu a m'novela amakondanso kufotokozerana zimene ife taziona kale. Ena amati ndi ulesi wa olemba, koma ine ndikuona kuti ndi ulemu kwa woonera. Wolemba akudziwa kuti dzulo munali kumaliro, kapena mayunitsi a magetsi a Credelec anatha, kapena magetsi anazima mvula itagwa, ndipo akufuna kuti mubwererenso m'nkhani osasochera. Pa nkhani ya ndalama, chimene chimachititsa kuti magawo ambiri akhale otchipa ndi chakuti nyumba zojambulira amamanga kamodzi n'kuzigwiritsa ntchito miyezi yonse. N'chifukwa chake zinthu zambiri zimachitikira pabalaza limodzimodzi ndi m'baraka imodzimodzi.

Mphamvu ya zimenezi m'mayiko olankhula Chipwitikizi si yochepa. Novela yoyamba ya ku Brazil kuonetsedwa ku Portugal, Gabriela, inaimitsa dziko madzulo aliwonse mu 1977. Ku Luanda msika waukulu unapatsidwa dzina la novela ya mu 1985 ya tchanelo ya Globo ya ku Brazil, Roque Santeiro. Kwathu kuno wailesi yakanema inayamba mu 1981 ku Maputo monga yongoyeserera, ndipo inatenga zaka kuti ifike m'zigawo zakutali ngati chathu. Lero TVM, STV ndi Miramar zimadzaza madzulo ndi nkhani za magawo, ndipo ana ambiri a ku Angónia amene kunyumba amalankhula Chichewa amatola Chipwitikizi cha ku Brazil pa kanema asanachidziwe bwino cha kusukulu.

Koma ife a m'malire tili ndi khomo lachiwiri. Wailesi ya ku Malawi imamveka bwino ku Calómuè, ku Zóbuè, ku Tsangano, ndipo mabanja ambiri anakhalako kutsidyako nthawi ya nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa mu 1992. Masewero a m'Chichewa monga Zimachitika ya bungwe la Story Workshop ndi Tikuferanji si achilendo m'makutu mwathu. Amenewa ndi a banja lina la nkhani za magawo, limene cholinga chake si kugulitsa sopo koma kuphunzitsa. BBC inayamba The Archers mu 1951 mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe, kuti alimi a ku Britain amve njira zatsopano za ulimi kudzera m'moyo wa mudzi wopeka, ndipo sewerolo likuulutsidwabe. Ku Mexico m'zaka za m'ma 1970 Miguel Sabido anakonza njira yolembera novela zophunzitsa, moika anthu a mitundu itatu: wochita zabwino, wochita zoipa, ndi wapakati amene akuzengereza monga mmene womvera akuzengerezera. Wapakatiyo ndiye mwini phunziro. Ku Tanzania anaitsatira njirayi mu 1993 ndi Twende na Wakati. Ku Mozambique kuno Rádio Moçambique ndi UNICEF anayambitsa Ouro Negro mu 2015, nkhani ya mudzi umene kwafika kampani yokumba malasha, chinthu chimene munthu wa ku Moatize safunika kumufotokozera. Chimene chimapangitsa njirayi kugwira ntchito ndi nthawi. Munthu sasintha maganizo pa za kukwatiwitsa mwana wamng'ono chifukwa cha uthenga wa mphindi imodzi. Koma akakhala ndi mtsikana wa m'seweroyo miyezi isanu ndi umodzi, akumudera nkhawa, akukangana za iye pachitsime, nkhaniyo imasanduka ya m'banja mwake. Ndinenenso kuti masewero ena otere amalephera chifukwa olipira amafuna uthenga wawo umveke m'chiganizo chilichonse, anthu a m'sewero n'kumalankhula ngati chikwangwani cha kuchipatala. Womvera amazindikira msanga, n'kutseka wailesi.

Za mafilimu a ku Nigeria sindichedwapo. Living in Bondage ya mu 1992, imene inatsegula msika wa mafilimu a pa kaseti, inatuluka m'zigawo ziwiri, ndipo ogulitsa anaona kuti nkhani imodzi ikhoza kulipiritsidwa kawiri. Kuyambira pamenepo Part 1 ndi Part 2 zinakhala lamulo, nthawi zina mpaka Part 4, munthu akuyenda pamsewu mphindi zisanu zathunthu nyimbo ikulira kuti nthawi ikwane. Olemera a ku Hollywood nawonso amachita zomwezo ndi ndalama zambiri: The Lord of the Rings anaijambula yonse pamodzi ku New Zealand n'kuitulutsa mu 2001, 2002 ndi 2003, ndipo buku lomaliza la Harry Potter analigawa mafilimu awiri, mu 2010 ndi 2011.

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene kudikira kunachotsedwa. Mu February 2013 Netflix inatulutsa magawo onse 13 a House of Cards tsiku limodzi. Ife kuno tinali titafikako kale mwanjira yathu. Mnyamata wa kompyuta pamsika amakuikirani sizoni yathunthu pa memori khadi, ya ku Korea, ya ku India kapena ya ku Philippines, ina yomasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, ndipo mukhoza kuimaliza pa foni masiku awiri. Ubwino wake ndi woonekeratu. Simudalira nthawi ya eni tchanelo, simuphonya kanthu, ndipo amene alibe kanema m'nyumba naye amaonera.

Chimene chimatayika sichioneka msanga. Mu March 1980 sewero la ku America la Dallas linatseka chaka ndi kuwomberedwa kwa munthu woipa wa m'nkhaniyo, osaonetsa wowombera. Yankho linadzabwera mu November, ndipo anthu oposa 80 miliyoni ku America kokha anakhala pansi kuti alione. Miyezi isanu ndi itatu imeneyo anthu ankakangana m'mabasi ndi m'maofesi, ena kubetcha ndalama. Gawo lenilenilo linali la mphindi zosakwana 60, koma nkhani inakhala m'kamwa mwa anthu kuyambira March. Ndi zomwe zimachitika pa chapa yochoka ku Ulónguè kupita ku Tete m'mawa, anthu osadziwana akutsutsana ngati mwamuna uja akhululukidwe kapena ayi. Pakati pa gawo la dzulo ndi la lero, woonera amakhala akulemba nkhani yake m'mutu, akuyeza ndi za m'banja mwake, akumva maganizo a mnzake. Nthano za agogo sizinkayenda popanda ife kuvomera kuti tili tonse, ndipo mpata wa pakati pa magawo ndi pamene woonera wa lero amavomerera. Wa memori khadi amaonera yekha, ali pa gawo 30 mnzake ali pa gawo 4, ndipo chokhacho chimene angauzane ndi chakuti "usandiuze". N'zosadabwitsa kuti makampani ena a pa intaneti anabwerera ku gawo limodzi pa mlungu, kapena kudula sizoni pakati. Iwo akuwerengera miyezi imene mulipire, ndi zoona, koma akudziwanso kuti nkhani imene anthu sakuikamba imaiwalika msanga.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti pa zonsezi, nkhani za ife Achewa ndi Angoni a ku Tete n'zosowa. Timadikira mawa la anthu a ku Rio de Janeiro, a ku Lagos, a ku Blantyre. Ngakhale zopangidwa m'dziko muno, monga zimene tchanelo ya Maningue Magic inayamba kuonetsa mu 2022, zambiri zimachokera ku Maputo ndipo zili m'Chipwitikizi. Koma nkhani tili nazo zodzaza nkhokwe: mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amene wabwereka ndalama za feteleza mtengo n'kugwa, banja limene theka lili kuno theka ku Dedza, mkangano wa munda pakati pa mwana ndi mphwake wa malemu, mnyamata amene wapita ku migodi ya golide ku Chifunde osatumiza mawu. Ndipo mwa njira zonse zofotokozera nkhani, ya magawo ndiyo imafuna ndalama zochepa poyambira. Filimu ya maola awiri imafuna kuti ndalama zonse zipezeke isanaonedwe ndi munthu. Sewero la mphindi 10 pa wailesi ya m'dera limafuna anthu anayi kapena asanu, chipinda chopanda phokoso ndi wolemba wosatopa. Lomwelo likhoza kuyenda pa WhatsApp ngati mawu okha, osadya megabayiti ambiri.

Ofuna kuyesa asayambe kuulutsa ali ndi gawo limodzi m'manja. Akhale ndi angapo ojambulidwa kale, chifukwa kudzagwa maliro, wina adzadwala, ndipo nthawi ya dzinja ochita sewero onse adzakhala kumunda. Adziwe mapeto asanayambe, ngakhale njira yofikira kumeneko idzasintha akamamva zonena za anthu. Tsiku ndi ola zisasinthe, ndipo ola lake likhale loti anthu aweruka kumunda, amayi atsiriza kuphika. Chinsinsi chimene alonjeza kuulula Lachisanu aulule Lachisanu lomwelo, kenaka atsegule china. Wamalonda wa mbewu kapena wa sopo pa boma akhoza kulipira mphindi imodzi pakati pa sewero, monga ankachitira a Colgate ku Rio de Janeiro, koma asapatsidwe mphamvu yosankha amene akwatire mnzake m'nkhaniyo.